Gel, madzi kapena timikanda? Njira zokonzera sampulo yopita ku mass spec

Sampulo yanga yoyamba kutumiza ku mass spec, makina oyeza kulemera kwa mamolekyu, inabwerako ndi zotsatira zokongola zedi pa sikirini, ma peak ataliatali ondondozana ngati mano a chipeso, ine mpaka kuitana anzanga mu labu kuti bwerani mudzaone. Mkulu amene amayendetsa makinawo anangoyang'ana kamodzi n'kundifunsa kuti kodi munathiramo Triton? Ndinati eya koma pang'ono chabe, nthawi yomwe ndimaphwanya ma cell ija. Akuti werengani mpata wa pakati pa ma peak anuwo. Ndikuwerenga, 44, winanso 44, winanso 44, mpaka kumapeto. Sinali puloteni yanga ayi, inali sopo. Triton X-100, Tween ndi anzake ali ndi mchira wa PEG, ndipo chidutswa chilichonse cha mchira umenewo chimalemera 44, ndiye chipeso chija chinali chimenecho. Masabata angapo a ntchito anathera pompo, komanso column yawo, kapaipi kolekanitsa zinthu zisanalowe m'makina, inatenga nthawi kuti iyere, moti moni wake kwa ine anachepako masiku amenewo.

Ndiye musanafunse kuti njira yabwino ndi iti, mvetsani kaye khalidwe la makinawa. Iwo amayeza kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi chaji yomwe chanyamula, ija amalemba kuti m/z, ndipo chomwe chilibe chaji sachiona n'komwe. Komanso alibe tsankho. Sadziwa kuti ichi ndi chomwe mwavutikira miyezi itatu, ichi ndi mchere wa mu buffer. Chomwe chalanda chaji mosavuta n'chomwe chimaoneka, ndipo nthawi zambiri zinyalala ndi zomwe zimalanda mosavuta kuposa chinthu chanucho. Njira zambiri zomwe ndikambe pansipa ndi njira zochotsera zinyalala basi, zimangosiyana pa mtundu wa zinyalala zomwe zimatha kuchotsa, ndi kuchuluka kwa sampulo yanu yomwe imatayika pochotsapo.

Tiyambe ndi a chemistry, chifukwa yawo ndi yaifupi

Ngati mwapanga kamankhwala kanu katsopano mukufuna kutsimikiza kuti ndi komwe mumafuna, funso lenileni ndi loti kalandira bwanji chaji. Njira yopatsira chaji yotchedwa ESI ndi yomwe malo ambiri amayambira, ija ya John Fenn yomwe inamupatsa Nobel mu 2002 limodzi ndi Koichi Tanaka. Sampulo imapopedwa ngati nkhungu kuchokera pa kasingano, madzi n'kuuma, chinthu chanu n'kutsala ndi chaji. Imakonda zinthu zomwe zili ndi nitrogen kapena ma acid, zomwe zimasungunuka mu methanol, acetonitrile kapena madzi, ndipo siphwanya molekyu, mumaona kulemera kwake kuphatikiza hydrogen mmodzi. Koma musathamangire kulira mukapanda kuona nambala yomwe mumayembekezera. Yang'anani patsogolo pake ndi 22, mupeza sodium wakhalapo, kapena ndi 38, ameneyo ndi potassium. Ine ndaonapo munthu akubwereza reaction yonse chifukwa cha sodium, chikhalirecho chinthu chake chinalipo kuyambira tsiku loyamba.

Chinthu chikakhala chamafutamafuta, chosafuna madzi, ESI imangochiyang'ana. Pamenepo pemphani APCI, njira ina yopatsira chaji yomwe imagwira pa zinthu zotere. Chikakhala chaching'ono, chouluka chikatenthedwa koma osapsa, pitani ku GC-MS (mass spec yolumikizidwa ndi makina olekanitsa zinthu zili ngati mpweya) yokhala ndi EI, komwe amachimenya ndi ma electron a 70 eV chimaphwanyika, ndipo ubwino wake ndi woti maphwanyidwe amenewo amafanana makina alionse, ndiye mutha kuyerekeza ndi laibulale ya NIST n'kudziwa dzina la chinthu chomwe simumachidziwa. Kuipa kwake nthawi zina chimaphwanyika chonse osatsala cha mtunthu. Zinthu monga shuga kapena ma amino acid siziuluka zokha, mumayenera kuziveka kaye ndi BSTFA kapena MSTFA, ndipo sampulo ikhale youma gwaa chifukwa kadontho ka madzi kamapha mankhwala amenewo. MALDI, njira yomenya sampulo ndi laser itasakanizidwa ndi mankhwala otchedwa matrix, pa timamolekyu tating'ono ine sindimalimbikitsa, matrix yake imadzaza ma peak ake kumunsi konse, pafupifupi pansi pa 500, chinthu chanu n'kusowa m'chigulumo.

Cholakwa chomwe a chemistry timachita kwambiri n'kutumiza sampulo yokhathamira. Munthu wamaliza kuyeza pa NMR, makina ena oonera kapangidwe ka molekyu, wangotsanula zomwe zinali mu kachubu kaja n'kutumiza. Zimenezo n'zochuluka mopitirira, ESI imafuna ma microgram ochepa chabe pa mililita, ndipo yokhathamira imakakamira m'mapaipi mpaka kumaoneka mu masampulo a anthu ena obwera pambuyo panu. Komanso ngati munasungunula mu D2O kapena CD3OD, deuterium amalowa m'malo mwa ma hydrogen a pa OH ndi NH, kulemera n'kusintha, inu n'kumadabwa. DMSO nayo siuluka msanga, ngati palibe kuchitira mwina ichepetseni kwambiri ndi methanol. Sefani ndi sefa ya 0.2 micron, thirani m'kabotolo kagalasi, ndipo Parafilm kapena pulasitiki wofewa asayandikire ma solvent amphamvu. Mukaona peak pa 391 kapena 413 yomwe simukuidziwa, ameneyo ndi phthalate wa m'pulasitiki, pa GC-MS amaonekera pa 149. Ndipo ngati n'zokalemba mu journal, nenani poyambirira kuti mukufuna HRMS, kuyeza kulemera molondola kwambiri, ambiri amafuna kuti nambala yoyezedwa isatalikirane ndi yowerengera kupitirira 5 ppm, ndiye polemba pa fomu lembani monoisotopic mass, kulemera kowerengera ndi isotope yopezeka kwambiri ya atomu iliyonse, osati ija ya pa botolo. Wokhala ndi chlorine ali ndi mwayi, amaona ma peak awiri otalikirana ndi 2, wina wamtali katatu kuposa mnzake, wa bromine amaona awiri ofanana msinkhu, umboni waulere umenewo.

Mapuloteni tsopano, apa ndiye pali nkhani

Funso loyamba: mukufuna kulemera kwa puloteni yonse yamtunthu, kapena mukufuna kudziwa kuti ndi puloteni yanji? Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi pa fomu, n'kulandira yankho la funso lomwe sanafunse.

Ngati mwayeretsa puloteni imodzi yomwe mukuidziwa kale, mukungofuna kuona ngati ili yonse, ngati tag yadulidwa, ngati china chake chamatirirapo, yezani yamtunthu. Ndi yachangu ndipo imaulula zambiri. Yachepa ndi 131, methionine woyamba uja wachoka. Yawonjezeka ndi 80, pali phosphate. Ndi 16, yalandira oxygen. Pa ESI puloteni imatenga ma chaji ambirimbiri n'kuoneka ngati phiri la ma peak, kompyuta n'kuwaphatikiza kukhala nambala imodzi, mwachitsanzo myoglobin ya hatchi yomwe ambiri amayesera makina imatuluka pa 16,951. Koma njira imeneyi imadana ndi mchere kwambiri. PBS, Tris, HEPES, NaCl, glycerol yambiri, imidazole ya pa nickel column, zonsezi ziyenera kuchoka, kaya ndi ka column kochotsa mchere, kaya ndi column ya C4 pa LC (makina olekanitsa zinthu za m'madzi zisanalowe mu mass spec), kaya kusintha buffer kupita ku ammonium acetate yomwe imauluka. MALDI imapirirako mchere pang'ono, mumasakaniza ndi sinapinic acid, kudontheza pa mbale yachitsulo, kuuma, laser n'kumenya, ndipo nthawi zambiri chaji imakhala imodzi yokha ndiye n'zosavuta kuwerenga. Koma pa puloteni yaikulu ngati BSA, ya pafupifupi 66 kDa, kutanthauza 66,000, peak yake imakhala yotambalala moti kusiyana kwa 16 kapena 80 musayembekezere kukuona bwino. Ine ndimati MALDI ndi yofunsira kuti kodi ilipo, ESI ndi yofunsira kuti kodi ili bwanji.

Ngati simukudziwa kuti ndi puloteni yanji, kapena ndi chisakanizo cha mapuloteni mazanamazana, ndiye iyenera kudulidwa kukhala tizidutswa totchedwa ma peptide. Mpeni wake ndi trypsin, amadula akangodutsa lysine kapena arginine, kupatula pomwe potsatira pali proline. Asanadule mumamasula ma disulfide ndi DTT, kenaka kutseka ma cysteine ndi iodoacetamide mumdima kuti asagwiranenso, zomwe zimawonjezera 57 pa cysteine aliyense, kenaka trypsin gawo limodzi pa magawo 50 a puloteni kapena chapompo, pH ya cha m'ma 8, pa 37 digiri usiku wonse. Zimenezi n'zofanana njira zonse. Chosiyana ndi malo omwe kudulako kukuchitikira.

Mu gel, momwe mapuloteni amathamangitsidwa ndi magetsi n'kulekana ngati timizere totchedwa ma band. Iyi ndi njira yakale, yomwe anthu ambiri amatsatirabe mmene Shevchenko ndi anzake mu gulu la Matthias Mann anailembera mu 1996, ndipo ndinene poyera kuti kwa munthu woyamba kumene ndi yomwe ndimakonda. Chifukwa chake gel imakhululuka. Muli ndi sopo wa SDS, muli ndi mchere, muli ndi urea, zonse zimathamanga n'kutuluka kapena kutsukika, puloteni n'kutsala yokodwa mu gel ngati nsomba mu ukonde, mutha kuitsuka kangati konse osaitaya. Mumaonanso ndi maso anu kuti ilipo, zomwe njira zina sizikupatsani. Pali kanjira kena komwe anthu sakadziwa msanga: ngati simukufuna kulekanitsa mapuloteni, mukungofuna kuchotsa zinyalala, thamangitsani gel kamtunda kochepa, sentimita imodzi basi, zimitsani, dulani kachigawo konseko ngati chidutswa chimodzi. Mwatsuka sampulo popanda kugula kit iliyonse.

Koma gel ili ndi mdani wake, keratin, puloteni ya pakhungu lanu, tsitsi lanu, fumbi la mu labu. Tsiku lina kunkazizira ine ndinadula ma band nditavala juzi yaubweya pansi pa lab coat, manja ake akutulukira pang'ono, magolovesi ndavala bwinobwino, ndikudziona ngati katswiri. Mndandanda utabwera pamwamba penipeni panali keratin, wachiwiri keratin, wachitatu trypsin, puloteni yanga inali kumunsi uko ndi ma peptide awiri okha. Kuyambira pamenepo ndimadula ndi lezala latsopano, pa galasi lotsukidwa ndi ethanol, tsitsi lomanga, osawerama pamwamba pa gel, osalankhula, ndipo mbale yopakira utoto siikhala yomwe ena amaikamo mkaka wa Western blot, apo ayi casein, puloteni ya mu mkaka, abwera kudzakupatsani moni. Dulani mothinana ndi band, gel yopanda kanthu yozungulira imangomwa trypsin n'kubisa ma peptide, kenaka muiduledule timabokosi ta milimita imodzi, osainyenya ngati phala chifukwa tizidutswa timakatseka column. Pa utoto, Coomassie ndi bwenzi, band yooneka ndi Coomassie imakhala yokwanira ndithu pa makina a masiku ano. Silver stain samalani, ngati ili ndi glutaraldehyde imamanga mapuloteni moti trypsin sadula, gwiritsani yokhayo yomwe yalembedwa kuti imagwirizana ndi mass spec. China, ma peptide ena amakana kutuluka mu gel, makamaka aataliatali amafuta, ndipo ngati muli ndi masampulo 40 oyerekeza kuchuluka kwa mapuloteni, manja anu sangadule ndi kutsuka mofanana ka 40, kusiyana kwina kudzakhala kwa manja anu osati kwa ma cell.

M'madzi momwemo. Apa simuthamangitsa gel, mumangodula puloteni ili mu kachubu. Masitepe ndi ochepa, zotayika n'zochepa, keratin amachepa chifukwa kachubu kamakhala kotseka, ndipo poyerekeza masampulo ambiri iyi imaposa gel. Vuto ndi loti siyeretsa kalikonse, chomwe munathira pachiyambi chidzafika kumapeto, ndiye muyenera kuganiza za mass spec kuyambira tsiku lomwe mukuphwanya ma cell osati tsiku lotumiza. Ambiri amasungunula ndi urea ya 8 M mu ammonium bicarbonate. Pa urea pali misampha iwiri. Woyamba, trypsin sagwira ntchito mu urea yochuluka choncho, muyenera kuisungunula ifike cha pa 1 M, olo isapitirire 2, ena amayamba ndi Lys-C yemwe amapirira urea kenaka trypsin pambuyo. Wachiwiri, urea musaitenthetse. Mapepala ambiri amati DTT pa 56 digiri, munthu n'kutsatira osaona kuti iwo analibe urea, urea ikatentha imasanduka cyanate yemwe amamatirira pa ma lysine n'kuwonjezera 43, trypsin n'kulephera kudula pamenepo. Ipangeni tsiku lomwelo, igwiritseni pa kutentha wamba kwa mu chipinda. Ndipo SDS, Triton, NP-40, Tween, m'njira imeneyi iwalani. Pali ma detergent ena ochotseka ndi acid, monga sodium deoxycholate yemwe amagwa pansi mukathira acid kapena RapiGest yemwe amasweka, amenewo ndiye mungaganizire.

Nanga ngati SDS munathira kale, kapena mapuloteni anu ndi a pa membrane omwe popanda SDS satuluka? Njira yakale n'kugwetsa puloteni pansi, zinyalala n'kutsala m'madzi apamwamba. Acetone yozizira, magawo anayi kapena kuposerapo pa gawo limodzi la sampulo, pa -20 kwa maola angapo kapena usiku wonse. Kapena methanol ndi chloroform mmene Wessel ndi Flügge analembera mu 1984, yomwe imachotsanso mafuta ndipo imatha mphindi zochepa. TCA, acid yogwetsa mapuloteni, imagwira pa sampulo yamadzimadzi. Zonsezi sizifuna zida zapadera, koma zili ndi matenda amodzi: kanthu koyera kotsala pansi kaja kakauma kwambiri kamakana kusungunukanso, mumakapukusa mpaka dzanja kuwawa, ndipo ngati puloteni inali yochepa, ma microgram asanu kapena khumi, kanthuko simukaona n'komwe, mutha kukataya limodzi ndi madzi osadziwa. Ine ndimaika kachubu mu centrifuge chotsekera chake chitaloza kunja nthawi zonse, kuti olo ndisakaone ndidziwe mbali yomwe kali.

Kenaka pali njira zatsopanoko zitatu zomwe anthu amakanganirana. FASP inatuluka mu 2009 kuchokera kwa Wiśniewski ndi gulu la Mann lomwe lija, mumaika sampulo pa sefa ya 10 kapena 30 kDa, kutsuka SDS pogwiritsa ntchito urea kangapo, kudulira pa sefa pomwepo, ma peptide n'kudutsa okha. Imagwira, koma imadya tsiku lonse mukuzungulitsa centrifuge, sefa nthawi zina imatseka kapena kuboola mwakachetechete, ndipo pa sampulo yochepa sefayo imaba yambiri. S-Trap, ya m'chaka cha 2014, imafuna kuti SDS ikhalepo kumene, mumathira acid ndi methanol puloteni n'kukhala timibulu tomwe timakodwa pa kasefa, kutsuka n'kwachangu kwambiri, koma mumayenera kugula timachubu take. SP3 nayonso ndi ya 2014, ya Hughes ndi Krijgsveld, ndiyo ya timikanda ta maginito: mwathira ethanol kapena acetonitrile, mapuloteni amamatirira pa timikanda, maginito agwira timikanda pambali pa kachubu, inu n'kutsuka momasuka. Pa sampulo yochepetsetsa, ya microgram imodzi kapena kucheperapo, iyi ndi yomwe ine ndingasankhe, komanso imayenda bwino pa mbale ya mabowo 96. Chenjezo lake n'loti kamkanda kamodzi kakapulumuka n'kulowa mu LC mwawaputa a makina, ndiye zungulitsani komaliza musanasamutse. Ndikanakhala ndi masampulo ambiri a SDS ndi puloteni yokwanira ndikanatenga S-Trap, FASP ndimaipatsa ulemu ngati gogo koma sindiibwereranso.

A immunoprecipitation, inu okoka puloteni ndi antibody pa timikanda, mundimvere pang'ono. Antibody yanu nayonso ndi puloteni, ndipo ndi yambiri kuposa chomwe mwakoka, pa gel imaoneka pa 50 ndi pa 25 kDa. Mukangowiritsa timikanda mu SDS zonse zimatsika limodzi. Imangirireni pa timikanda kapena tsitsani ndi peptide ngati muli ndi tag ya FLAG, ndipo kutsuka komaliza kawiri katatu kukhale kopanda detergent, m'kachubu katsopano, chifukwa NP-40 amakakamira m'makoma. Ndipo tumizani control, timikanda tomwe tadutsa zonse koma popanda nyambo yanu. Popanda imeneyo mudzalandira mayina 300, ma ribosome, tubulin, HSP70, actin, osadziwa kuti enieni ndi ati, n'kuyamba kulota nkhani pa mapuloteni omwe amamatirira pa china chilichonse.

Mukadula, njira iliyonse yomwe mwadzera, ma peptide amafuna kusambitsidwa komaliza pa C18, chinthu chomwe ma peptide amamatirirapo mchere n'kudutsa, kaya ndi ZipTip yogula kaya ndi StageTip yodzipangira yomwe Rappsilber anafotokoza mu 2003, kachidutswa ka C18 kolowetsedwa mu tip wamba. Thirani acid kaye, pH itsike pansi pa 3, apo ayi ma peptide sagwira. Koma musanamizidwe, C18 imachotsa mchere ndi urea, sichotsa PEG kapena Triton, iwo amagwira limodzi ndi ma peptide n'kutsikanso limodzi, mwinanso mwawaunjika kumene. Pa acid, TFA ndi yabwino pa MALDI ndi potsuka, koma pa ESI imaphimba chaji, kumeneko formic acid ya 0.1% ndiyo yake. Funsaninso a makina ngati sitepe imeneyi amachita okha, ambiri amakonda kutero chifukwa column ndi yawo.

Kuyeza kuchuluka kwa puloteni musanatumize si mwambo chabe. Pa njira zoyezera, Bradford imasokonezeka ndi SDS, BCA imasokonezeka ndi DTT, ndiye sankhani moyang'ana zomwe zili mu buffer yanu, ndipo yezani musanathire DTT ngati n'kotheka. Ngati mukupita ku TMT, njira yomata label pa ma peptide kuti masampulo angapo ayezedwe limodzi, pali msampha wina wapadera, mankhwala ake amagwira pa ma amine, ndiye Tris ndi ammonium bicarbonate, yemwe uja tamugwiritsa ntchito ndi urea, apa amadya label yonse, gwiritsani TEAB kapena HEPES. Ndipo ngati cholinga n'kuyerekeza odwala ndi abwinobwino, kapena ma cell opatsidwa mankhwala ndi osapatsidwa, sampulo imodzi mbali iliyonse si kafukufuku. Zitatu zosiyana mbali iliyonse ndi poyambira, zokonzedwa tsiku limodzi mosakaniza, osati ma control onse Lolemba enawo Lachinayi, chifukwa mudzapeza kusiyana kwa masiku n'kukutcha sayansi.

Kutumiza kwenikweniko

Pali njira zitatu: yonyowa, youndana ndi chisanu, youma. Zidutswa za gel n'zosavutitsa, zimayenda m'kachubu ndi timadzi toyera pang'ono kapena acetic acid ya 1% kuti zisaume, pa ice pack basi, ubwino winanso wa gel umenewo ngati makina ali kutali. Ma peptide odulidwa kale ndi bwino kuwaumitsa mu SpeedVac, ouma amapirira ulendo wa masiku angapo popanda chisanu chambiri, kungoti gwiritsani timachubu ta low-bind chifukwa pulasitiki wamba amaba ma peptide, ndipo sampulo ikachepa kuba kumeneko kumaoneka. Puloteni yamtunthu m'madzi, ma cell kapena minofu, zimenezo ndi za dry ice, yomwe imakhala pa -78.5 digiri ndipo imauluka tsiku ndi tsiku, ndiye ikani yochuluka kuposa yomwe mukuganiza, bokosi lisatsekedwe mothina mpweya uzituluka, ndipo a ndege amaiwerenga ngati katundu woopsa wa nambala UN1845, iyenera kulembedwa kunja. Tumizani kumayambiriro kwa sabata. Phukusi lofika Loweruka limagona pa shelufu mpaka Lolemba, dry ice yatha, ma protease adzuka ayamba kudya sampulo yanu. Ndipo musatumize yonse. Sungani theka mu -80, logawidwa kale m'timachubu tosiyana kuti musamaisungunule n'kuiundanitsanso mu chisanu.

Zolemba pa kachubu zikhale zazifupi, zilembo ziwiri ndi nambala, pamwamba ndi pambali, ndi cholembera chosafufutika ndi ethanol, tanthauzo lake lonse likhale pa fomu. Selotepi ndi timapepala tomata timagwa mu chisanu, ndinaonapo bokosi likutsegulidwa timapepala tonse tili pansi ngati masamba, timachubu 12 tofanana ndendende tili mbuu.

Fomu ija anthu amaidzaza mothamanga ngati ya pa geti, chikhalirecho ndi pomwe a makina amasankhira zonse. Wa chemistry alembe formula, ajambule molekyu, anene chomwe imasungunukamo, ngati imaopa kuwala, mpweya kapena acid, ngati ndi yapoizoni. Wa mapuloteni alembe zonse zili mu buffer, ndikuti zonse, ngakhale ka 0.01% ka Tween komwe mukuchita nako manyazi, kubisa sikukachotsa, adzakaona okha pa 44 paja ndipo adzadziwa kuti ndi inu. Ngati sampulo yachokera kwa munthu kapena ku tizilombo toyambitsa matenda, kapena ili ndi radioactivity, nenani musanatumize, malo ambiri salandira mpaka mutatsimikiza kuti tizilomboto tafa. Nenani chamoyo chomwe puloteni yachokera, chifukwa kompyuta imafufuza mu database monga UniProt ndipo chomwe mulibe m'menemo sichipezeka, olo chikhale chodzaza kachubu. Mnzanga wina anatumiza puloteni ya munthu yomwe anaipangira mu E. coli, pa fomu n'kulemba E. coli basi, zotsatira n'kubwera ndi mapuloteni a bakiteriya okhaokha, iye n'kukhala sabata yathunthu akuganiza kuti cloning yake inalakwika. Anangotumiza sequence pa imelo, pamodzi ndi His tag yake ndi ka linker komwe, anafufuzanso pa data yomwe ija osathamangitsanso makina, puloteni yake n'kutulukira pamwamba penipeni.